Gwamaka sachoka pakhomo panga

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Mwayankha ochepa. Palibe kanthu. Ena muno simukondwa nane, ndikudziwa.

Ndilankhula m'Chichewa chifukwa muno muli aphunzitsi, anamwino ndi apolisi ochokera kumwera. Ndikufuna aliyense amve ndi makutu ake, pasapezeke wina mawa wonena kuti anachita kuuzidwa. Chichewa changa ndi cha kupulayimale. Chikakhota, chiwongoleni nokha.

Ine ndine Yotamu Mwafongo. Ndimakhala konkuno ku Vinthukutu, koma bambo anga anachokera kumpoto kwa boma, kwa Ankhonde. Ndimalima ndi ng'ombe. Zaka makumi anayi ndakhala pa benchi lakumbuyo ilo. Kutsogolo kuno sindinaimepo. Sindine munthu wa mawu. Lero ndaima, ndipo sindibwereza. Tcherani khutu.

Mkazi wanga, malemu Esinati, ambiri mumamudziwa. Ankalankhula za anthu awiri, zake ndi zanga. Mlendo akafika, ine ndinkapereka moni, iye n'kumaliza zotsalazo. Tinakhala bwino choncho.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli kanyumba. Tinasungamo mayi wina wochokera kumwera, wogula mpunga ndi usipa n'kumakagulitsa. Anali ndi khanda lalimuna. Mayiyo anadwala masabata awiri, n'kumwalira. Apolisi anafunsafunsa. A ofesi yoona za ana ku boma anafufuza. Wachibale sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Tinamuika m'manda ndife. Mwana anakwera kumsana kwa Esinati tsiku la maliro, ndipo sanatsikenso.

Esinati anati, "Bambo, mwana uyu ndi wathu."

Ine ndinati, "Chabwino."

Msonkhano wathu unathera pomwepo.

Titapita kukhoti kuti mwanayo alembedwe wathu, anati ndife okalamba. Ndinafunsa kuti, "Wachinyamata amene akumufuna ali kuti? Abwere ndimuone." Sanabwere. Tinayenda maulendo angapo, iwonso anabwera kudzaona pakhomo, pamapeto pake pepala linatuluka. Pepala limenelo silikunena kuti agogo. Likuti bambo. Mwanayo tinamutcha Gwamaka.

Anali atayamba kutulutsa timawu. Esinati akamasenda chinangwa, ankamuuza nkhani zonse za m'mudzi, iye n'kumayankha kuti ma-ma-ma. Koma asanakwanitse zaka ziwiri, Esinati anagwa kumunda. Anagona kuchipatala masiku anayi. Tsiku lachitatu anandigwira dzanja.

Anati, "Mwana uja anataya kale mayi mmodzi. Tsopano akutaya wachiwiri. Asatayenso nyumba."

Ndinati, "Ndamva."

Tinamuika Esinati. Kuyambira tsiku limenelo, Gwamaka anatseka pakamwa. Ma-ma-ma uja anatha. Zii.

Tsopano mumve za mwambo, chifukwa nkhani yagona pamenepo. Kwathu kwa Ankhonde, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, sayang'ana nkhope ya apongozi ake aamuna. Salankhula nawo. Salowa pamene iwo akhala. Mukakumana panjira, amapatukira patchire n'kufunda chitenje kumutu mpaka udutse. M'makomo ambiri mwambo umenewu unafooka kalekale. Pakhomo panga sunafooke. Ndinkaunyadira. Anthu ankati, "Ukafuna kuona ulemu, pita kwa a Mwafongo." Ine mtima n'kumakoma.

Mwana wanga Elia anamanga nyumba kuseri kwa mpanda wanga. Mkazi wake ndi NyaMhango, Mtumbuka, koma mwambo wathu anauphunzira. Zaka khumi ndi chimodzi! Zaka khumi ndi chimodzi sanandilankhule, inenso sindinamulankhule. Mukanamuimika pamsika pakati pa amayi khumi, sindikanamuloza. Uthenga wonse unkadzera mwa Esinati. Esinati atapita, unasowa podzera.

NyaMhango ankaphika, n'kubwera nacho chakudya pakhonde, n'kugogoda mbale ndi supuni, n'kuchoka. Anayesa kumutenga Gwamaka. Mwana analira mpaka kusanza. Anayesanso. Chimodzimodzi. Mwana amene wataya amayi awiri sakhulupirira msana wachitatu. Anagwira mwendo wa buluku langa, osausiya. Ndikapita kukhola, ali pamwendo. Kumunda, ali pamthunzi pamene akundiona. Kuchimbudzi, wakhala pakhomo akudikira.

Akaloza madzi, ndinkamupatsa madzi. Akandikoka dzanja, ndinkamutsatira. Ndinkati tikumvana bwino. Amuna awiri, opanda phokoso.

Miyezi inapita. Anzake obadwa nawo pamodzi anayamba kutukwana nkhuku. Wanga zii. Anayandikira zaka zitatu alibe liwu ndi limodzi lomwe.

Pamenepo m'mudzi munayamba kulankhula. Pamjigo anamupatsa dzina: mbuwu, wosalankhula. Ena anati mzimu wa mayi ake wamutseka pakamwa. Ena anati magazi osadziwika amabwera ndi zawo. Ena mwa inu munanena, ndikukuonani, koma sinditchula. Bambo wina anafika pakhomo ndi lezala atalikulunga m'pepala. Anati lilime lamangika, adule kamnofu ka pansi pake. Ndinatenga chikwapu cha ng'ombe, n'kumuonetsa njira. Anaiona msanga.

Wa lezala ndinamuthamangitsa. Mwana wanga wobereka ndekha sindikanamuthamangitsa.

Elia anati, "Tata, mwakalamba. Mukatisiya, mwana wosalankhula ameneyu mundisiyira ine? Si magazi athu. M'bwezereni ku ofesi. Kuli malo osungirako ana otere, kuli anthu ophunzira."

Ndinati, "Ayi."

Ananena kawiri. Ananena kakhumi. Ine ayi.

Ndiye titakolola mpunga, malungo anandigwetsa. Ndinagona pamphasa thupi likuwotcha, miyendo yosadzuka. Masana ndinatsegula maso. Gwamaka anali atakhala pambali panga, wagwira malaya anga, akundiyang'ana. Chakudya chinali pakhonde, chitazizira. NyaMhango anali atagogoda n'kuchoka, monga mwa masiku onse. Ndinamuuza mwanayo kuti, "Pita, kaitane anthu." Anangondiyang'ana. Abale anga, ndikanafera pamenepo, mwana uyu akanakhala ndi mtembo mpaka Elia abwere madzulo. Sakanatha kukuwa dzina la munthu.

Chimene anthu analephera, malungo anachichita. Nditadzuka ndinamuitana Elia. Ndinati, "Lolemba ndipita naye."

Inde. Ine amene ndinati "ndamva" kwa mkazi wanga ali pabedi la kuchipatala. Ine amene. Lembani zimenezo.

Lolemba ndinatenga thumba. Ndinaikamo akabudula awiri, kapu yake, kabuku ka kusikelo ndi pepala la kukhoti. Tikutuluka, ndinamva munthu akulira chapansipansi kuseri kwa mpanda. Ndinadziwa kuti ndi NyaMhango. Sindinacheuke. Mwambo.

Tinakwera minibasi pamsewu waukulu. Mwana anagona pachifuwa panga, chibakera chake chili m'thumba la malaya anga. Titafika pa boma ndinati, a ofesi akafunsa za thanzi lake, ndiyambe ndapita kuchipatala. Linali bodza. Ndinkangochedwetsa mapazi.

Tinakhala pamzere mpaka dzuwa linafika pamutu. Tinalowa kwa namwino wina wamng'ono, wa ku Ntcheu, woti akanakhala mdzukulu wanga.

Anafunsa, "Ndinu agogo ake?"

Ndinati, "Ndine bambo ake."

Mawuwo anatuluka okha. Thumba lili pamiyendo panga.

Anamuyang'ana m'makutu. Anaomba m'manja kumbuyo kwake, mwana n'kucheuka. Anamuyang'ana m'kamwa. Anamutumiza kwa dokotala, tinabwererakonso kwa iye. Anati, "Akumva bwino. Lilime lili bwino. Palibe chodula." Kenako anaika cholembera pansi. "Bambo, kunyumba amacheza ndi ndani?"

Ndinati, "Ndi ine."

"Wina?"

"Palibe."

"Chabwino. Chidzukireni lero, mwamuuza chiyani?"

Ndinaganiza. Ndinawerenga pazala. Ndinati, "Dzuka. Idya. Tiye."

Anadikira. Ine ndinali nditatha.

"Basi?"

"Basi."

"Nanga dzulo?"

Ndinawerenganso pazala. Dzulo anali omwewo.

Mtsikanayo sanandiseke. Akanandiseka ndikanatuluka. Anati, "Bambo, mwana satola mawu patchire. Amawatenga pakamwa pa anthu. Uyu wataya amayi awiri, mantha amukwanira, ndiye akukhalanso m'nyumba ya mawu atatu. Sindikulonjezani kuti alankhula liti. Mwina pali china chimene sitinachione, n'chifukwa chake muzibwera naye mwezi ndi mwezi. Koma yambani apa. Khalani pansi, nkhope yanu ifanane ndi yake. Sewerani naye. Chimene wagwira, chitchuleni. Mukatero, dikirani. Musamukakamize."

Ndinati, "Ine kusewera? Msinkhu uno?"

Anati, "Mwati ndinu bambo ake."

Ndinatuluka. Ndinakhala pa benchi panja. Mawu atatu, abale anga! Mawu atatu! Ng'ombe zanga ndimaziuza oposa amenewo dzuwa lisanakwere. Ndimazitchula mayina, ndimazikalipira, ndimaziyamikira zikakoka bwino. Ng'ombe! Mwana wa munthu ndinkamupatsa atatu, kenako n'kumunyamula kukamubweza ngati khasu lothyoka.

Pemphero langa linali lalifupi. Ndinati, "Kyala, Mulungu wanga, mwandigwira. Wosalankhula ndine. Nditseguleni."

Ku ofesi sindinafike. Ndinakwera minibasi yobwerera, mwana ndi thumba lomwe.

Elia anationa tikulowa. Anati, "Tata, akana?"

Ndinati, "Ndakana ndine."

M'mawa mwake ndinayamba. Ndinayamba molakwika. Ndinamuimika patsogolo panga, n'kuloza kukhola. "Nena kuti ng'ombe! Nena!" Mwana anayamba kulira. Ndinali kumulamula ngati ng'ombe yapagoli.

Ndiye ndinapita kudambo kukakumba dongo. Ndinakhala pansi pabwalo, miyendo tambalale, n'kuumba ng'ombe. Chiumbireni ndinali ndisanamere ndevu. Gwamaka anayandikira. Anaigwira. Anthu odutsa panjira anaima. Ndinamva wina akuti, "A Mwafongo mutu wayamba kusokonekera. Maliro aja." Ndinawasiya anene.

Koma mawu anandithera. Ndinati ng'ombe. Ndinati nyanga. Ndinati mchira. Ndinayang'ana m'mutu mwanga, munalibenso kanthu. Munthu amene wakhala chete zaka makumi asanu ndi limodzi sasanduka wailesi tsiku limodzi. Ndinayesa sabata yathunthu. Tinkangokhala awiri, ng'ombe zadongo zili pakati, tonse duu.

Tsiku lina tili chikhalire choncho, ndinamva mawu kuseri kwa mpanda. NyaMhango ankapeta mpunga. Ankakalipira nkhuku, ankafunsa mbuzi kuti yagona bwanji, ankaimba, ankadziyankha yekha, ankaseka. Ndinaona Gwamaka atatembenuza mutu, khutu lili kumpanda, pakamwa pali yasa.

Pamenepo ndinaona. Kumene kunali mwana, kunali ine. Kumene kunali ine, mayi ameneyu sakanafika. Mawu anali pomwepo, mapazi khumi kuchokera pakhonde langa, tsiku lililonse, chaka chathunthu. Anawatsekera kunja si mzimu. Si magazi osadziwika. Ndine, ndi ulemu wanga umene anthu ankabwera kudzauona.

Masana anabwera ndi chakudya. Anagogoda mbale. Asanatembenuke, ndinati, "NyaMhango."

Anagwada pomwepo, msana uli kwa ine, chitenje kumutu.

Ndinati, "Bwerani mukhale pamphasa apa."

Sanasunthe.

Ndinati, "Mwana uyu akufuna mawu. Ine ndilibe. Inu muli nawo, ndakhala ndikuwamva. Kwa inu sabwera popanda ine. Ndiye mubwere ndinu. Mlandu ukabuka ndi wanga."

Kenako ndinamva kamawu kochokera m'chitenje. "Adada, ndikuopa."

Ndinati, "Bwerani."

Sindinamuuze kuti inenso ndinkaopa. Ndikunena lero.

Anabwera chokwawa, n'kukhala kumapeto kwenikweni kwa mphasa, nkhope ili kumbali. Tsiku loyamba ananong'ona. Tsiku lachiwiri ananong'onanso. Tsiku lachitatu anatola imodzi mwa ng'ombe zanga zadongo, anaitembenuza uku ndi uku, n'kuti, "Gwamaka, tandiuza, iyi ndi ng'ombe kapena mbuzi yodwala? Adada, linunda lili kuti?"

Ine ndinati, "Ndi ng'ombe yachizungu."

Anaseka mpaka chitenje chinagwa. Ndi tsiku limene ndinaona nkhope ya mkamwana wanga. Ndi tsiku lomwelo limene ndinamva Gwamaka akuseka mokweza chimwalirireni Esinati.

Kuyambira pamenepo mayi uyu sanatsekenso pakamwa. Mawu a zaka khumi ndi chimodzi anali atadzaza. Tinaumba khola lonse. Iye ankazifunsa ng'ombe kuti zadya chiyani, ine ndinkazilirira kuti mooo. Inde, ine. Ankabisa imodzi m'chitenje n'kufunsa kuti, "Yapita kuti? Yapita kuti?" kenako n'kudikira. Ankamusambitsa akutchula dzanja, mimba, phazi. Inenso ndinaphunzira. Ndikamapita naye kukhola ndinkamuuza zimene ndikuchita. Ndikumasula chingwe. Ndikutsegula. Iyi yatuluka, iyo yakana. Pakamwa pankawawa ngati ndatafuna chimanga chouma.

Elia anatipeza tsiku lina masana. Anaima ndi njinga yake pachipata. Mkazi wake pamphasa, bambo ake pamphasa, dongo paliponse.

"Tata! N'chiyani chimenechi?"

Ndinati, "Sukulu."

"Mwatichotsa ulemu! Ndiyenda bwanji m'mudzi muno?"

Ndinati, "Ndi miyendo."

Loweruka anabwera ndi mng'ono wanga Filimoni ndi akuluakulu awiri a banja. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango. Apo n'kuti patapita masabata asanu ndi limodzi, mwana asanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Mumvetse bwino pamenepa. Anali asanalankhule.

Filimoni anati, "Akulu, mwaswa mwambo wa makolo chifukwa cha mwana wa eni. Tsoka likagwa pabanja pano tidzaloza inu. Ndipo mwanayo sanalankhule. Mwapindula chiyani?"

Ndinati, "Filimoni, mwambo umenewu ndausunga kuposa nonsenu. Iwe mkamwana wako amakuimbira foni kukuuza mtengo wa feteleza. Usandiphunzitse."

Mmodzi wa akuluakulu aja anatsokomola.

Ndinati, "Makolo anaika mwambowu kuti pakhomo pakhale ulemu. Sanauike kuti mwana akule ngati mwala. Mayi uyu ndi mwana wanga, ndimulemekeza ngati mwana wanga, masana, pabwalo, aliyense akuona. Za Gwamaka imvani kamodzi. Alankhule, asalankhule, sachoka pakhomo panga. Ndikafa, munda wa kudambo ndi wake, ndipo amulera ndi amene akumulera kale. Ndatha."

Anachoka osatsanzika.

Mwezi wina unadutsa. Ndinapita naye kuchipatala, ndinabwerako. Anayamba kulira ngati ng'ombe, mooo. Anayamba kuombera m'manja nyimbo. Mawu ayi. Masiku ena ndinkafooka, sindikubisirani. Koma mphasa tinkayala.

Linali Lachinayi m'mawa. Elia anabwera kudzatenga goli. Ng'ombe zadongo zinali pabwalo, panjira yake. Anawerama n'kutola imodzi, yaikulu ya linunda, kuti aiponye kumbali. Gwamaka anadzuka. Anathamanga. Anamugwira Elia buluku, n'kukuwa.

"Yane!"

M'Chitumbuka cha NyaMhango. Ndiye kuti, yanga.

Tonse tinauma. Elia dzanja lili m'mwamba. Mwana anapondaponda pansi, nkhope itakwinyika. "Yane! Yane!"

NyaMhango anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika. Ine ndinadzuka n'kupita kukhola. Ndinakhalako nthawi. Chimene ndinkachita kumeneko ndi changa ndi Mulungu.

Elia anaika ng'ombe ija m'manja mwa mwanayo bwinobwino, anatenga goli, n'kuchoka. Sanapepese. Ndi mwana wanga, sindinayembekezere. Koma patapita masiku awiri ndinapeza pakhonde kangolo ka waya, ka mateyala a zitsekerero za mabotolo, kokwanira ng'ombe ziwiri zadongo. Sindinafunse wopanga. Iyenso sananene.

Lero Gwamaka akuyandikira zaka zinayi. Sindinama pamaso pa Mulungu kuti zonse zatha. Anzake amuposa. Amalumikiza mawu awiri, nthawi zina atatu. Ena amatuluka opindika, amawamva ndi NyaMhango yekha. Amasakaniza Chitumbuka, Chinkhonde ndi Chichewa m'mbale imodzi, namwino anati musiyeni. Kuchipatala tikupitabe mwezi ndi mwezi. Amapita yekha kuseri kwa mpanda tsopano, osagwira buluku langa. Akabwerera amandiitana kuti Tata. Wina anamuuza kuti azinena agogo. Anakana.

Sindikunena kuti mwana aliyense wosalankhula ali ndi bambo wouma pakamwa ngati ine. Ena ndi makutu, ena ndi zina. Pitani nawo kuchipatala. Lezala ndi lometera ndevu.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandibweza panjira ndili ndi thumba m'manja. Ndikuthokoza namwino uja, dzina lake sindinafunse. Ndikuthokoza Esinati, amene mawu ake sanafe naye.

A banja anandiuza kuti ndikaima pano ndipepese. Chabwino. Ndipepesa kwa awiri. Kwa mwana amene ndinamupatsa mawu atatu patsiku. Ndi kwa mayi amene ndinamusiya kuseri kwa mpanda zaka khumi ndi chimodzi. NyaMhango, imirirani. Musafunde, siyani chitenjecho. Ndikukuyang'anani pamaso pa mpingo wonse. Yewo, zikomo, mwana wanga. Khalani pansi.

Kwa otsalanu ndilibe chopepesa.

Ndagha. Zikomo.

Chinthu chimodzi ndisanakhale. Mwana amene akusokosa kumbuyoko, amene mayi a chigwirizano akhala akumuyang'ana ndi diso loipa chiyambire pemphero, ndi wanga. Musamutulutse. Musamuuze kuti akhale chete. Anakhala kale chete, zinakwana.

Ameni.